Dzina Limene Luwiza Anatchula

Luwiza atabwerako kusikelo tsiku Lachiwiri, m'sabata yachiwiri ya Malichi 2003, anapeza apongozi ake, mayi Esnart, ali m'chigafa kusoka fodya. Mayiwo sanadzutse mutu. Singano inkangolowa ndi kutuluka m'mitsitsi ya masamba.

"Mwabwerako koyenda, adona?"

Luwiza anagwada movutikira, dzanja limodzi litagwira mzati wa chigafa. Mimba yake inali itangolowa mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo inali yoyamba.

"Anamwino akuti zimene ndikumvazi si zabwino, amayi. Msana ukuwawa, mimba ikumangika pafupipafupi, ndipo dzulo ndinaona timadontho ta magazi. Akuti mwana akhoza kubwera masiku asanakwane. Ndisanyamule zolemera, ndizigona, ndipo zikapitirira ndipite kuchipatala osadikira."

Mayi Esnart anaseka ndi mphuno.

"Uzigona. Akuti uzigona." Anatembenuza tsamba n'kuliyang'ana ngati ndilo akulankhula nalo. "Ine ndabereka ana asanu ndi mmodzi. Phillip wakoyo ndinamubereka nditangochoka kumunda, khasu lisanaume dothi. Koma mwana wa matenanti, amene wakulira m'mizere ya fodya wa eni ake, lero wa pakhomo pake ndiye wamulemera. Anamwino akowo adzabwera kudzatithyolera masamba?"

"Ndingathe kusoka nditakhala pansi, amayi."

"Kusoka ndi ntchito ya ife okalamba. Iwe mawa kumunda. Wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima."

Mawu akuti matenanti Luwiza anali atawamva kuyambira tsiku limene analowa pakhomopo. Makolo ake anachoka ku Phalombe mu 1994 kudzalima fodya pa esiteti ina kuseri kwa Mkanda. Bambo ake anamwalira mu 1999, ndipo mayi ake, a Anasi, anapitiriza ntchitoyo pamodzi ndi mchimwene wawo. Phillip atamufunsira mu 2001, nkhani ya chikamwini sinakambidwe n'komwe. Mkamwini akanalima pati, poti matenanti alibe ngakhale pokhoma chikhomo cha mbuzi? Luwiza anapita chitengwa, ndipo mayi Esnart anamulandira ngati katundu amene wina wamusiya pakhonde osapempha.

Mtengwa amene mayiwo ankamufuna anali wina: Sheila, mayi wa golosale pa Kamwendo, amene ankapikula zitenje ku Chipata. Izi sankabisa. Ankatchula dzinalo pakudya, pochapa, ngakhale pobwera kutchalitchi.

Madzulo a tsiku lomwelo Luwiza anauza mwamuna wake zonse zimene anamwino ananena. Phillip anali kupopa njinga pakhonde, ndipo anamvetsera atawerama.

"Za mimba amayi ndiye akudziwa," anatero. "Ine ndinganene chiyani? Ingopirira. Fodya akalowa yense m'chigafa upuma."

"Ndaona magazi, a Phillip."

"Ndamva. Koma usamakokomeze zinthu. Ukudziwa mmene amayi alili."

Anamanga pampu pafelemu ya njinga, n'kunena kuti akukafunsa za ziguduli zodindira fodya pa Kamwendo. Anabwera m'mawa mwake, wopanda chiguduli ndi chimodzi chomwe, malaya akununkhira sopo amene pakhomopo panalibe. Luwiza sanafunse. Amayi a pamjigo anali atamuuza kale kumene njinga imeneyo inkagona tsiku lililonse la msika. Ndipo mwezi wa Januwale, ulendo wina wotere, Phillip anabwera ndi chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, n'kuchipereka kwa mayi ake. Mayi Esnart anachitambasula padzuwa Luwiza akuona, n'kunena kuti, "Ana a anthu ena amaleredwa bwino."

Lachitatu ndi Lachinayi Luwiza anatuta fodya. Masamba apansi anali atapsa onse nthawi imodzi, ndipo ntchito yake inali kunyamula mitolo kuchokera m'mizere kukaika m'ngolo. Mimba ikamangika ankaima, n'kugwira m'chiuno, n'kudikira kuti ipole. Mayi Esnart ankamuona ali patali.

"Waimanso mfumukazi ija. Tiitane ana adzamupemerere?"

Lachisanu m'mawa, dzuwa lisanatenthe, Luwiza anawerama kuti anyamule mtolo, n'kumva madzi ofunda akutsika m'miyendo. Sanali ambiri, koma sanaleke. Kenako ululu unagwira msana n'kuzungulira kutsogolo ngati lamba. Anakhala pansi pakati pa mizere.

"Amayi," anaitana. "Zija ananena anamwino zayamba. Ndiperekezeni kuchipatala."

Mayi Esnart anabwera pang'onopang'ono, anayang'ana chitenje chonyowacho, kenako nkhope ya mtengwa wawo. Mantha sanawagwire. Chimene Luwiza anaona m'maso mwawo chinali kukhutira kwa munthu amene wakhala akudikira umboni.

"Mimba siithamanga yokha," anatero. "Mwana akafuna kutuluka nyengo isanakwane, chilipo chamunyansa m'katimo. Awa ndi mapinga. Dzuka, tiye kunyumba."

M'mudzimo anthu ambiri ankakhulupirira kuti mimba ikavuta ndiye kuti wina m'banjamo wagona kunja. Zimenezo ndizo ankazitcha mapinga, ndipo mankhwala ake anali kuulula dzina la munthuyo pamaso pa amayi aakulu. Mayi Esnart anamugoneka Luwiza pamphasa m'nyumba yawo, anaitanitsa a Maria, namkungwi wa m'mudzimo, ndipo anatuma munthu panjinga kukatenga a Anasi ku esiteti.

"Abwere," anatero. "Adzamve ndi makutu awo chimene anatilerera."

Luwiza anagona chammbali akuyang'ana khoma. Ululu unkabwera, n'kupita, n'kubweranso, ndipo mpata wake unkachepa. Anamwino anali atanena kuti osadikira. Iye anali kudikira, chifukwa miyendo yake sikanamufikitsa ngakhale kumsewu, ndipo ngolo yokhayo ya pakhomopo inali kumunda ndi Phillip.

A Anasi anafika dzuwa lili pamutu, atakwera pakaliyala, opanda nsapato, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anagwada pakhomo.

"Odi, asewere."

Mayi Esnart sanabweze mawu amenewo. Chikwatirane ana awo anali asanawatchulepo a Anasi kuti asewere.

"Lowani, amayi a ku esiteti. Mphasa ndilibe, zonse zili ndi fodya. Koma pansi munazolowera."

A Anasi analowa, anagwira chipumi cha mwana wawo, anakweza chitenje pang'ono n'kuchibwezera. Nkhope yawo inauma.

"Madzi ayamba liti?"

"M'mawa, amayi," Luwiza anayankha, misozi ikutsikira m'khutu.

"Nanga akutani muno? Bwanji sali kuchipatala?"

"Chipatala sichichiza uhule," anatero mayi Esnart, n'kutseka chitseko mwamphamvu mpaka fumbi linagwa kudenga. "Ndakuitanani kuti mukhale mboni. Ndinene pamaso pa a Maria, ndi pamaso panu: mimba iyi si ya mwana wanga. Magazi a kwathu sathawa m'mimba. Ana athu amakwanitsa miyezi yawo. Uyu anabwera ndi makhalidwe a m'zisakasa, kumene anthu amagona mothithikana ngati mbewa. Atchule mwini wake."

A Maria anali mayi wamfupi, wosachedwa pa nkhani. Anakhala pafupi ndi Luwiza n'kumugwira dzanja.

"Mwana wanga, ife sitikuweruza. Tchula dzina, mimba ikhazikike. Ukabisa upha mwana, mwinanso ndi iwe wemwe. Anali ndani? Wa kuno kapena wa ku esiteti?"

"Palibe, amayi."

"Onse amayamba choncho," anatero mayi Esnart. "Mufunseni za kapitawo wa kwawoko. Mufunseni za anyamata a pamjigo."

"Asewere, mwana wanga akutha," a Anasi anachonderera. "Mlandu suola. Tidzakamba akachira. Tipatseni ngolo."

"Ngolo ikugwira ntchito. Atchule kaye."

Ululu unamugwiranso Luwiza, ndipo analuma m'mphepete mwa mphasa mpaka unapola. Za mapinga sankazikhulupirira. Ankadziwa chimene chinamufikitsa pamenepo: mitolo ya Lachitatu ndi Lachinayi. Koma anaonanso kuti m'nyumba imeneyo satuluka popanda dzina. Atatsegula maso, chinthu choyamba kuchiona chinali chitenje chimene apongozi ake anamanga m'chiuno, chobiriwira, cha maluwa achikasu. Kwa chaka ndi theka anali atameza mawu ambiri poopa kuoneka wamwano. Tsopano anaona kuti ulemu wake wonsewo sunamugulire ngakhale malo m'ngolo.

"Dzina ndili nalo," anatero.

Mayi Esnart anamwetulira, n'kuyang'ana a Anasi. "Mwamva? Tcherani khutu, amayi a ku esiteti."

"Tchula, mwana wanga," anatero a Maria.

"Sheila."

A Maria anakwinya nkhope.

"Sheila ndi dzina la mwamuna kodi?"

"Ayi. Ndi mayi wa golosale pa Kamwendo. A Phillip amagona kumeneko tsiku lililonse la msika, ndipo Lachiwiri lomweli, nditawauza za magazi, anakagona komweko. Amayi akudziwa. Chitenje avalachi chinachokera kwa iyeyo."

A Maria anasiya dzanja la Luwiza n'kutembenuka thupi lonse.

"Esnart, mwambo umenewu uli ndi miyendo iwiri, ndipo iwe ukudziwa. Mapinga amabweranso ndi mwamuna. Mwana wako wamufunsa?"

"Ndimufunse chiyani? Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda."

"Ndiye kuti wavomera."

"Sindinavomere kanthu. Ndikunena kuti..."

"Wandiitanira kudzapanikiza mwana wa eni ake, chikhalirecho nkhani uli nayo m'chiuno mwako." A Maria anaimirira n'kukutumula fumbi. "Zaka zonse ndagwira ntchito imeneyi sindinaonepo mboni itavala umboni. Manyazi ulibe."

Dzanja la mayi Esnart linapita pa mfundo ya chitenjecho, koma panalibe chochita nacho. Kuchivula sakanatha, kukhala nacho kunali kuwawa.

"Za mayina zikhale zanu," anatero a Anasi. "Ine ndikufuna ngolo."

Nthawi yomweyo kunja kunamveka mabelu a ng'ombe. Phillip anali atafika ndi ngolo yodzaza masamba mpaka pamwamba. A Anasi anatsegula chitseko n'kutuluka, ndipo Luwiza ankaona zonse ali pamphasa paja.

Phillip ataona apongozi ake anavula chipewa n'kutembenuzira nkhope kumbali, monga mwa mwambo. Chikwatire anali asanayang'anizanepo maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, ndipo moni ankapatsana atafulatirana. Tsiku limenelo a Anasi anaima kutsogolo kwa ng'ombe n'kugwira goli.

"Ndiyang'aneni, bambo."

Phillip anayang'ana pansi.

"Ndati ndiyang'aneni. Chikwatire mwana wanga ndakhala ndikukuthawirani m'tchire, minga ikundibaya, poyesa kuti ndikupatsa ulemu munthu. Mkazi wanu madzi ayamba m'mawa. Munali m'munda womwewo. Munamuona akutengedwa. Mwatuta maulendo angati kuchokera pamenepo?"

"Amayi anati ndi nkhani ya azimayi."

"Amayi anati. Ndevu zonsezo, amayi anati. Tsitsani fodyayu."

Mayi Esnart anatuluka akuthamanga. "Asakhudze tsamba ndi limodzi lomwe. Mvula ikubwera uko, pansi pali matope. Fodya ameneyu ndi wa chaka chonse. Phillip, lowetsa ngolo kuchigafa, muyambe mwapachika."

Phillip anaima pakati, chikwapu chili m'manja, akuyang'ana mayi ake, kenako chitseko chotsegukacho. Sanasunthe. A Anasi sanamudikire. Anakwera pa gudumu, anakumbatira mtolo woyamba n'kuuponya m'matope. Kenako wachiwiri. Manja amene kwa zaka zisanu ndi zinayi ankagwira fodya wa eni ake ngati dzira, tsikulo ankamutaya ngati zinyalala. Mayi Esnart anakuwa, anatola masamba, anatukwana Phalombe yense ndi mapiri ake, koma anthu amene anasonkhana anangoima. A Maria anali atayamba kale kuwafotokozera za chitenje.

Anayala mphasa m'ngolo, ndipo a Maria ndi a Anasi anamunyamula Luwiza. Phillip anakwera kutsogolo popanda womuuza. Atafika pakati pa njira, analankhula osacheuka.

"Luwiza, ukanandiuza kuti zafika pamenepa."

"Ndinakuuzani Lachiwiri," anayankha, n'kutseka maso.

Pachipatala chaching'ono anamwino atamuyeza anaitana ambulansi pa wayilesi, ndipo dzuwa lisanalowe Luwiza anali m'chipatala cha paboma ku Mchinji. Mwana anabadwa Lamulungu m'mawa, wamkazi, wosakwana makilogalamu awiri. Sanalire msanga. Anamwino anamuthandiza kupuma, n'kupita naye kuchipinda cha ana osakwana masiku. Luwiza ankafinyira mkaka m'kapu, mwana n'kumamwetsedwa pang'onopang'ono, ndipo a Anasi ankagona kukhitchini ya odikirira odwala. Phillip anabwera kamodzi, anaima pakhonde, n'kusiya shuga. Mayi Esnart sanabwere. Uthenga wokha ndiwo unafika, wakuti fodya wa ngolo ija anaola yense.

Anawatulutsa pakati pa Epulo. Tsiku limenelo, akutuluka pageti, anapeza Phillip ndi mayi ake akudikira pansi pa mtengo. Mayi Esnart anali atavala chitenje china, chabuluu, chakalekale, ndipo anali ndi dengu la nthochi ndi mtedza. Wina amene anabwera kudzazonda odwala anali atakawauza kuti mwanayo nkhope yake ndi Phillip yemwe.

"Asewere," anatero mayi Esnart, mawuwo akutuluka ngati munga. "Mwaswera bwanji? Tabwera kudzatenga mwana."

Mayi Esnart anasendera, n'kusuzumira m'kansalu kamene Luwiza anafunditsa mwana pachifuwa.

"Mphuno iyi ndi ya kwathu. Makutunso awa, a malemu bambo ake a Phillip enieni. Dzina ndaganiza kale. Akhala Esnart."

"Dzina ali nalo," anatero Luwiza. "Ndi Mayamiko."

"Wamutcha ndani? Mwana woyamba amatchedwa ndi akuchimuna."

"Akuchimuna ake sitikuwadziwa, amayi. Munanena nokha pamaso pa a Maria kuti mimba ija si ya mwana wanu."

"Zija zinali za mkwiyo. Munthu akakwiya amalankhula."

"Inenso ndinamva nditagona pamphasa. Amalume akumana kale ndi ankhoswe anu. Chitengwa chatha. Ndikupita kwa amayi."

Phillip anagwetsa chipewa. Misozi inatuluka, ndipo sanaipukute.

"Luwiza, ndapota nawe. Za ku Kamwendo ndinasiya. Funsa aliyense. Ndimanga nyumba yathu patali ndi amayi, tsidya la dambo. Usandichititse manyazi chonchi."

Luwiza anamuyang'ana. Anayembekezera kuti mtima umupweteka, koma anangoona munthu wamtali atanyamula chikwapu pakati pa mayi ake ndi chitseko chotseguka.

"Mwana mukafuna kumuona, njira ya ku esiteti mukuidziwa. Mukapemphe kaye kwa amayi anu."

"Mdzukulu wanga akakulire m'chisakasa cha matenanti?" anatero mayi Esnart. "Chodontha chija?"

"Chimadontha," a Anasi anavomera. "Koma muli munthu womva akauzidwa kuti magazi akutuluka."

Galimoto ya matola yopita ku Mkanda inali imodzi yokha masana amenewo, choncho anakwera onse. Dalaivala anamuika Luwiza kutsogolo chifukwa cha khanda. Mayi Esnart anakhala kumbuyo pa thumba la chimanga, dengu lili pamiyendo, fumbi likuwamwaza, ndipo njira yonse ankayang'ana pagalasi kachipewa koyera ka mwana kamene kanali pachifuwa cha mtengwa wawo.

Pamphambano ya ku esiteti galimoto inaima. A Anasi anatsitsa beseni ndi zovala. Luwiza anatsika mosamala, dzanja lili pansi pa mwana. Mayi Esnart anaweramira kunja, n'kutambasula manja onse awiri. Nkhope yawo inali itanyowa.

"Mwana wanga, ndimunyamuleko. Pang'ono pokha."

Luwiza anakonza kansalu kumutu kwa Mayamiko kuti mphepo isalowe.

"Pepani, amayi. Anamwino akuti mwanayu ndi wanthete, asamagwiridwe ndi alendo. Ulendo uno ndikumvera zimene anena."

Anatseka chitseko cha galimoto, n'kutsata mayi ake m'kanjira kolowera m'minda. Dalaivala analiza injini, ndipo mayi Esnart anapita nalo dengu lawo lija, lodzaza monga anabwera nalo.